Mkate Umene Ndimadula Koma Sindidya

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikuchapa nsalu za pa guwa kwathu ku Mualadzi. Irima Jasinta, sisiteri amene ankabwera kudzaphunzitsa katekisimu, anayang'ana manja anga n'kuuza amayi kuti ku misau, ndiko kuti kumishoni, kukufunika mtsikana waukhondo wopanga ostiya, timikate toyera tija timalandira pa Misa. Amayi anavomera ine ndisanafunsidwe n'komwe. Sabata yotsatira ndinanyamuka ndi kachikwama kamodzi, kupita kumalo kumene sindinkadziwa munthu.

Anthu amaganiza kuti ostiya imagwa kumwamba. Imachokera mu beseni. Timasefa ufa wa tirigu, n'kuthira madzi okha, popanda mchere kapena chotupitsa, ndipo timatakasa mpaka phala likhale lamadzimadzi lopanda mibulu. Chowotchera chake ndi zitsulo ziwiri zafulati za zigwiriro zazitali, zotenthetsa pa mbaula ya makala. Umathira chipande chimodzi, kutseka, kunena Tikuoneni Maria mmodzi, kutembenuza, kunenanso wina. Ukathamanga pemphero chimkatecho chimatuluka chachiwisi, ukalikoka chimapserera. Chikapsa bwino chimakhala chopyapyala ngati pepala. Timachigoneka pakati pa nsalu zachinyontho kuti chisathetheke, kenako timadula ndi kachitsulo kozungulira, zazikulu za apadiri, ansembe athu, ndi zing'onozing'ono za anthu.

Ukadula, m'mbali mumatsala zidutswa zambiri. Tsiku loyamba Irima anandiuza lamulo lake: "Izi sizinadalitsidwe, koma sitiponyera nkhuku." Choncho tinkadya ndi tiyi, ine ndi amayi Firimina, mayi wamkulu amene ndinawapeza pantchitoyo. Iwo zinali zitawakola kalekale, ndiye mbale yonse inkakhala yanga. Kwathu buledi tinkamuona pa Natale pokha, tsiku la Khirisimasi, ndiye musandiweruze. Ndinkadya m'mawa, masana, ndipo zina ndinkaika m'thumba kuti ndizikatafuna kuchipinda kwanga, kumene kunalibe wolankhula naye.

Patapita miyezi ingapo thupi linayamba kundikana. M'mimba munkatsegula pafupipafupi, mimba inkafufuma pamene manja akuwonda, tsitsi linkatsalira pa chipeso. Kutentha kwa mwezi wa khumi, anthu akufunafuna mthunzi, ine ndinkazizidwa ndili pafupi ndi mbaula. Khosi linatupa. Amayi Firimina ankati atsikana a masiku ano ulesi amabadwa nawo, ndipo ine ndinkangoluma mano, chifukwa tsiku lina ndinagonadi chitsulo chili pamoto.

Irima ananditumiza ku chipatala ku Tete. Adotolo anati chithokomiro changa, kanthu ka pakhosi kamene kamayendetsa mphamvu ndi kutentha kwa thupi, chafooka. Anandipatsa mankhwala oti ndizimwa kambewu kamodzi m'mawa uliwonse ndisanadye. Ndinamwa osaphonya, koma palibe chinasintha. Anawonjezera, osasinthabe. Ulendo wachitatu adotolo anaika cholembera pansi n'kundifunsa chimene ndimadya kuyambira kudzuka mpaka kugona. Nditatchula zidutswa zija anatenganso magazi n'kuwatumiza kutali, ndipo yankho ndinalidikira milungu yambiri.

Linabwera ndi dzina loti seliyaka. Anandifotokozera kuti thupi langa likalandira tirigu limadziukira lokha n'kuwononga matumbo, ndipo thupi lozolowera kudzimenya chotero nthawi zambiri limamenyanso chithokomiro, n'chifukwa chake matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Mankhwala aja ankangodutsa, matumbo osawagwira bwino. Chimanga, mpunga ndi chinangwa ndidye mmene ndingafunire, koma tirigu ayi, moyo wonse, ngakhale kanyenyeswa.

"Ngakhale ostiya?" ndinafunsa.

"Ngakhale ostiya," anatero.

Mu chapa, kaminibasi kaja, pobwerera ndinalira chamumtima njira yonse. Ndinauza Irima yekha. Anati ndipitirize ntchito nditamanga nsalu pakamwa posefa ufa, ndizisamba m'manja ndisanagwire chakudya, ndipo za kulandira akambirana ndi apadiri, koma ndidikire. Kwa ena onse ndinatseka pakamwa. Ndikanayamba bwanji kunena kuti mkate wa Ambuye ukundidwalitsa?

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Kwathu kuno munthu akakhala pa benchi anzake akupita kukalandira, aliyense amadziwa kuti pali tchimo. Tsono onani mtsikana wosakwatiwa, wokhala kutali ndi kwawo, mimba yotupa, wokana chakudya chimene ankachikonda, wopitapita ku Tete, ndipo Lamulungu lililonse ali phee pa benchi. Ngakhale ine ndikanaganiza chimodzimodzi. Amayi Firimina anasiya kumwa nane tiyi. Atsikana a kwaya ankati ndikafika nkhani yatha. Ndinayamba kulowa m'tchalitchi mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe, ndipo sabata yathunthu inkatha mawu anga okha ali a Tikuoneni Maria owerengera chitsulo. Sindinasungulumwepo chotero.

Mphekesera ilibe njinga koma inafika ku Mualadzi. M'mawa wa Pasaka ndinaona amayi akutsika pa keriyala ya njinga, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sanandipatse moni. Anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

"Luwiza, ndiuze dzina la mwamunayo."

Ndinawauza zonse, za khosi, za matumbo, za tirigu, n'kuwaonetsa pepala la kuchipatala ngakhale sadziwa kuwerenga. Anandiyang'ana pamimba, kenako pakhosi, nthawi yaitali. Anafunsa kuti chinthu chodalitsidwa chingapweteke bwanji mwana wawo. Belu linalira tisanamalize, ndipo tinalowa ndisakudziwa ngati andikhulupirira.

Tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Ostiya zonse za tsiku limenelo ndinadula ndine, milungu iwiri yathunthu, mpaka chala chinachita thuza. Nthawi yolandira itakwana mabenchi anayamba kutha imodziimodzi, ndipo ndinamva maso a anthu kumsana kwanga. Amayi anaimirira. Chibatizidwire sanaphonyepo kulandira pa Pasaka, ngakhale chaka chimene bambo anamwalira. Anakonza chitenje chawo, anayang'ana mzere, kenako anakhalanso pansi, phewa lawo likukhudza langa.

"Pitani, amayi," ndinanong'ona.

"Atinene tonse awiri," anatero, maso ali kutsogolo.

Tinakhala choncho pa benchi yopanda munthu wina mpaka nyimbo inatha.

Patapita nthawi apadiri anapeza njira. Ndimalandira vinyo yekha m'kachikho kanga kapadera, chifukwa m'chikho chachikulu amaponyamo kachidutswa ka ostiya. Ndimakhala womaliza pa mzere, ndekha. Mimba inaphwa, mankhwala anayamba kugwira, tsitsi linamera, ndipo mwana amene anthu ankamudikira sanabadwe. Palibe amene anabwera kudzapepesa. Amayi Firimina anangoyamba kundibweretsera mbatata yophika pa nthawi ya tiyi.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo zidutswa amadya ena. Chimene ndinatengapo n'chimodzi. Ndikaona munthu watsala pa benchi anzake akupita kutsogolo, sindimuwerengera machimo. Ndimadikira nthawi yanga ya kachikho nditakhala pambali pake.