Benedeta Wotemera Nkhuku

Benedeta anabadwira ku Nsaru, koma anthu amamudziwa ngati wa ku Kabudula, kumene anapita chitengwa atakwatiwa ndi Zakeyo, mlimi wa fodya wosachuluka mawu. Sukulu analekezera sitandade sikisi. Popita kubanjako anatenga misoti iwiri yachikuda m'dengu, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo pake sipanasowe nkhuku.

Chaka china bungwe lina linagawa atambala oyera achizungu kwa amayi a m'mudzimo, iye n'kulandira mmodzi. Anapiye anayamba kutuluka mitundu iwiri, ena oyera mbee, ena amawangamawanga ngati amawo. Kabawi akamazungulira m'mwamba, thadzi limalira, anapiye onse n'kubisala mu udzu wouma. Amawangawo ankangosowa ngati alowa pansi, pomwe oyerawo ankaonekera patali, ndipo kabawi ankatola omwewo. Patapita zaka, khola lonse linabwerera ku mtundu wa dothi popanda munthu kusankhapo. Zakeyo ankati tambala uja anali wabodza. Benedeta sankamutsutsa.

Kenaka kunagwa chitopa, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Nkhuku zinayamba kuwodzera, mapiko ali pansi, makosi atapindika, ndipo sabata isanathe m'khola munali zii. Alangizi a ziweto, a Wongani, atabwera kudzafuna anthu oti aphunzire kutemera nkhuku, Benedeta anadzipereka asanauze n'komwe mwamuna wake.

Pa maphunziropo anawaonetsa kagwiridwe ka nkhuku ndi kadonthezedwe ka katemera m'diso. Ena ankafunsa za njinga ndi mayunifomu. Iye anakweza mkono.

"Kodi alangizi, kachilombo ka chitopaka kanachokera kuti poyambirira penipeni?"

"Funso limenelo ngakhale ophunzira kwambiri akutsutsanabe, mayi," anayankha a Wongani. "Chomwe tikudziwa n'chakuti sikangaswane pakokha, kamafuna thupi la mbalame. Kamapezekanso mu mbalame zakutchire. Ndipo pakuswanapo kamasintha pang'onopang'ono. Komwe kakwanitsa kufala ndi kamene kamatsala."

"Ngati anapiye anga aja, eti? Oyera anatha, kutsala obisala."

A Wongani anamufunsa za anapiyewo, iye n'kufotokoza. "Ndi zomwezo ndithu," anatero, n'kupitiriza phunziro.

Kuyambira chaka chimenecho ankayenda midzi yozungulira m'mamawa nkhuku zisanatsegulidwe, botolo la katemera atalikulunga m'kansalu konyowa kuti lisatenthe. Sankanyengerera munthu. Wokana ankamusiya, wovomera ankamuuza kuti adzabweranso ikatha miyezi inayi, ndipo ankabweradi.

Mliri wa korona utafika, ntchitoyi inavuta. Kunamveka mphekesera yakuti katemera wa anthu akumubisa m'katemera wa nkhuku kuti alowe m'thupi kudzera m'ndiwo. Makomo amene ankamulandira ndi mpando anayamba kumuyankhira pawindo. Monica, mnzake wa kukwaya, anamuuza poyera.

"Amayi Benedeta, musadandaule, koma kwathu kuno musamabwere kaye. Abambo akunyumba akukana."

"Chabwino. Nkhuku n'zanu," anatero, n'kubwerera.

Zinamuwawa, koma sanakambe ndi aliyense kupatula Zakeyo, yemwe anangomuuza kuti apume. Chaka chimenecho anatemera zake zokha ndi za makomo ochepa. Chitopa chinabwera pa nyengo yake, ndipo makola ambiri anatsala opanda kanthu. Anthu ena anadzamuitananso mwakachetechete, osatchula zakale. Ena mpaka lero sanamuitanenso.

Zakeyo anamwalira chaka chathachi. Maondo a Benedeta tsopano salola ulendo wautali, choncho amene amayenda midzi yakutali pa njinga ndi Monica, ataphunzitsidwa ndi Benedeta yemweyo. Benedeta amatemera makomo oyandikana nawo okha, ndipo dzuwa likakwera amabwerera kwawo kukasenda mtedza pakhonde.