Chaka Chimene Basi Inasiya Kubwera

Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi miyendo yosagwira ntchito, koma mutu wake ndi wakuthwa kuposa wanga ndi wa bambo ake kuphatikiza pamodzi. Bambo akewo anapita ku Joni iye akadali wamng'ono, ndipo kuchokera pamenepo kuli zii. Tinatsala awiriwiri m'nyumba ya ku Sizinda imene anandisiyira malemu bambo anga, amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji kuno kudziko la eni. Ine ndinkagulitsa tomato ndi masamba m'mbali mwa msewu, iye ankaphunzira pasukulu ya ana a ulumali kutsidya lina la tauni.

M'mawa kunkabwera basi yoyera, yokalamba, yokhosomola ngati munthu wa fodya, koma inkabwera. Kumbuyo kwake kunali chitsulo chokwezera njinga za olumala zimene anawo ankayendera. Ine ndinkangomukankha mpaka pakona, dalaivala n'kumukweza, ine n'kubwerera ku tomato wanga. Sindinkadziwa kuti ndinali pabwino.

Chaka chimene analowa giredi seveni, kalasi yomaliza ya pulayimale, aphunzitsi aakulu anatiitana makolo tonse. Anati boma ladula ndalama zimene linkapereka kusukuluyo, choncho basi iima, ndipo malo amene ankatikonzera njinga atsekedwa. Ndinafunsa kuti iima mpaka liti. Iwo anangoyang'ana pawindo. Ndinapita ku ofesi ina ya boma m'tauni, ndinakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, mayi wa padesiki n'kungoti m'Chindebele, "Akula mali, mama." Ndalama kulibe. Ndinamuyankha kuti ndalama kulibe, inde, koma mwana alipo, ndimuike pati? Anaitana munthu wotsatira.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti chimenechi chinali chaka cha mayeso. Sekondale ina ya mishoni, yogonera komweko, inali itanena kuti akakhoza bwino imutenga. Kumeneko sikukanafunika basi. Chimene chinkafunika n'chakuti afike kusukulu tsiku lililonse mpaka mayeso a mu Okutobala, basi.

Tinayesa makombi, maminibasi a kuno. Kondakitala akangoona njinga ankakuwa kuti, "Kugcwele!", kutanthauza kuti mwadzaza, ife tikuiona ndi maso mipando yopanda anthu. Mmodzi anavomera, koma anaikanikiza njingayo pansi pa mpando mpaka gudumu linapindika. Wokonza panalibenso. Aphunzitsi anati kusukulu kuli njinga yakale imene angamagwiritse ntchito m'kalasi, koma za panjira ndione ndekha.

Ndiye ndinatenga zitenje ziwiri n'kumubereka.

Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mapazi ake ankandimenya kuseri kwa mawondo. Ndinkamubereka kuchokera kunyumba mpaka pamsewu, tikatsika m'tauni n'kumuberekanso kudutsa misewu yotakata ija mpaka pokwerera makombi ena, kenako kuchokera potsikira mpaka pageti. Masana chimodzimodzi. Tomato ankapsa ndi dzuwa m'manja mwa mnansi wanga. Iye kumsanako sankataya nthawi, ankaloweza masamu ndi mayina a mitsinje m'khutu mwanga, ndipo ndikalakwitsa yankho ankanditsina paphewa. "Mama, inu munkapita kusukulu kukatani?" Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chindebele, koma chipongwe chinkamveka bwinobwino.

Anthu a m'njira sankasowa chonena. Amayi ena ogulitsa pafupi ndi makombi ankakonda kundiuza mwambi wawo wakuti, "Indlovu kayisindwa ngumboko wayo," ati njovu silemedwa ndi chitamba chake. Ndinkamwetulira chifukwa cha ulemu, koma mumtima ndinkati, njovu yanuyo inayamba yaberekapo namwali kudutsa naye m'tauni? Msana unkandiwawa ngati wina wakhomamo msomali. Koma pamaso pa mwana sindinkabuula.

Tsiku lina Lamlungu, titatuluka m'tchalitchi, amayi ena achikulire a kumvano, akwathu ku Malawi, anamugwira masaya. Kwathu ukafuna kuyamikira mwana umati wanenepa, ndipo mayi ake amasangalala. Iwonso anatero ndi mtima wabwino. "Koma ndiye wakula, wanenepa, mwana wosalala! Mayi akowa akukudyetsa bwino. Koma uwathyola msana, iwe!" Onse anaseka, inenso ndinaseka. Iye anangoyang'ana pansi.

Nyengo yozizira itafika ndinayamba kuona kuti ulendo ukupepuka. Ndinkadzuka naye osagwira khoma. Ndinadzitama kwa mnansi wanga kuti thupi lazolowera, ndasanduka bulu weniweni. Madzulo ndikamuikira chakudya ankangonyema pang'ono n'kukankha mbale. "Angilambanga, mama, sindikumva njala. Kusukulu atipatsa phala lambiri." Ine ndinkathokoza Mulungu kuti boma latisiyirako phala. Nkhope itayamba kuonda ndinati ndi mayeso, mwana akuwerenga kwambiri. M'majuzi awiri a m'nyengo yozizira munthu suona nthiti, ndipo pa msinkhu umenewo ankasamba yekha, chitseko chotseka.

Tsiku lina masana ndinafika pageti n'kupeza aphunzitsi ake akundidikira. Anati mwana wakomoka m'kalasi. Anandifunsa ngati kunyumba kuli chakudya. Magazi anandiwira. Ndinati ndine wosauka, koma mwana wanga sagona ndi njala, ndipo mwina vuto ndi phala lawolo limene likumutsekera njala. Aphunzitsiwo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Phala lake liti, mayi? Tinasiya kuphika sabata yomwe basi inaima. Ndipo buledi amene mumamupatsa amagawira anzake."

Ndinamupeza atagona pamphasa m'chipinda cha aphunzitsi, milomo ili mbuu. Nditamunyamula ndinamva mafupa a m'chiuno mwake akundibaya, mafupa amene ndinkawamva tsiku lililonse ndikudzitama kuti ndalimba. Titafika kunyumba ndinamukhazika pabedi n'kuyamba kukalipa, mpaka mnansi anasuzumira pawindo.

Iye anandidikira ndimalize. Kenako anayankha modekha ngati akuwerengetsa samu. "Mama, ndikadya ndilemera. Ndikalemera mulephera kundinyamula. Mukalephera, sukulu yatha. Kwangotsala pang'ono. Ndidzadya ndikalemba."

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ndi ukali komanso ndi mantha. Ndinamuuza kuti sindinabereke mwana kuti ndimuike m'manda ndi satifiketi. Ndinamuuza kuti sakulemera, sanalemerepo, ndipo ndingamubereke mpaka ku Lilongwe wapansi. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira munthu amene walakwitsa yankho. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala patsogolo pake mpaka mbale iyere, ndipo aphunzitsi ankamuyang'anira kusukulu. Ankadya misozi ikugwera m'ndiwo, koma ankadya.

Ndinayesa ponseponse. Ndinabwereranso ku ofesi ija, yankho linali lomwe lija. Ndinapita kwa akuluakulu a bungwe lathu la maliro, limene ndimasonkhako mwezi ndi mwezi, iwo anati malamulo awo amathandiza pakagwa zovuta basi. Ndinawafunsa ngati ndidikire kaye amwalire. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo anayesa kuwongola gudumu lija, linangothyokeratu. Abusa anatipempherera. Makolo anzanga ambiri anali atasiya kale, ana awo ali khale m'nyumba kuyang'ana khoma, ndipo ine ndinkawaweruza mumtima kuti ndi aulesi.

Thupi lake linabwerera. Masaya anadzaza, khungu linawala, anakongola moti ndinkachita kumuba ndi maso. Ndipo m'mawa uliwonse kudzuka naye kunkavuta kuposa dzulo lake. Ndinayamba kugwira khoma, kenako khoma ndi chitseko. Dzanzi linayamba kutsika mwendo wakumanzere mpaka ku zala za kuphazi. Anesi kuchipatala anandipatsa mapilitsi n'kundiuza kuti ndisamanyamule zolemera. Ndinaseka mpaka anadabwa.

Mu Seputembala, mayeso atayandikira, ndinagwada pafupi ndi bedi monga mwa masiku onse. Iye anali atavala yunifolomu, chikwama cha mabuku chili kumsana. Anandikolowekera manja m'khosi, ndinamanga chitenje choyamba, ndinamanga chachiwiri. Ndinati ndidzuke, mwendo unakana. Ndinayesanso, moto unalasa kuchokera m'chiuno mpaka m'mutu, ndinagwa ndi manja pasimenti. Ndinakwawa mpaka pachitseko iye ali kumsana, ndinagwira chogwirira, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Palibe chinachitika. Panja makombi ankaliza mahutala, ana a anthu ena akuthamangira kusukulu ndi miyendo yawo.

"Dikira pang'ono," ndinatero. "Ndingopuma kaye."

Ndinangomva zala zake zikutsika pachifuwa panga, zikufufuza mfundo ya chitenje. Anamasula yoyamba, anamasula yachiwiri, n'kudzitsitsa yekha pansi pang'onopang'ono kuti asandipweteke. Anavula chikwama n'kuchiika pambali. Kenako anandipukuta thukuta pamphumi ndi mkono wa juzi lake.

"Mama," anatero, "mukanangondisiya ndisamadye."