Aphunzitsi Achibwibwi ndi Ana Amene Tinkawakana

Mwezi watha tinaika m'manda mayi amene parishi yonse inkangowatchula kuti Aphunzitsi. Ndinagwira nawo ntchito pasukulu imodzi zaka zambiri, ndipo abambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo.

Anakula ndi chibwibwi. Ali mwana, mphunzitsi wawo ankawaimika kutsogolo kuti awerenge, lilime likagwira n'kuwamenya ndi rula m'zala, anzawo akuseka. Sanasiye sukulu. M'mawa uliwonse ankayamba adzera kutchalitchi.

Atakhala mphunzitsi, ankapempha ana amene enafe tinkawakana. Mwana wosamva ankamuyankhula atamuyang'ana kumaso kuti aone milomo. Mtsikana wachialubino, amene sankaona bwino pabolodi, ankamulembera zilembo zikuluzikulu pamakatoni. Ana othawa nkhondo atabwera, Aphunzitsi anaphunzira kuwerenga manambala m'chilankhulo chawo, anawo n'kumawaseka akalakwitsa. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu amandidikira mpaka nditamaliza Atate Athu. Ndiye ine mwana ndimufulumizitsirenji?"

Chaka china analandira mtsikana wodwala khunyu. Tsiku lina mtsikanayo anagwa m'kalasi, ndipo m'mawa mwake makolo anadzaza mu ofesi, akuti awapatsira ana awo matendawo.

"Mayi, mwana mmodzi asatithere sukulu," anatero ahedi.

"Khunyu sapatsirana, bwana," anayankha Aphunzitsi, mawu akuwagwiragwira. "Kunyumba amatsala yekha. Mayi ake amapita kuntchito."

Ine ndinali pomwepo. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma ndinangoti ziii.

Mtsikanayo anabwezedwa. Aphunzitsi ankapita kukamuphunzitsa Loweruka lililonse. Teremu isanathe, anagwera pamoto ali yekha, ndipo anamwalira m'chipatala patatha masiku awiri. Aphunzitsi anathandiza kusambitsa thupi. Sanaloze chala munthu aliyense, koma dzina la mwanayo sanalifufute m'kaundula mpaka chaka chinatha.

Atapuma pantchito, matenda a shuga anawatseka maso, kenako anawadulitsa mwendo. Amuna awo anali atamwalira kalekale, ndipo analibe mwana. Owazonda anali ochepa. Ine ndinkachita manyazi kupitako.

Ndinapita nditamva kuti alandira sakramenti la odwala. Ndinawapeza ali ndi kolona m'manja. Ndinagwada pambali pa bedi, n'kupepesa kuti tsiku lija ndinakhala chete.

"Ndilibe nanu mlandu, achemwali," anatero. "Koma mvetserani. Aneba angawa ali ndi mdzukulu amene sayenda. Sukulu ziwiri zamukana. Ndawauza kuti Lolemba abwere naye kwa inu."

Anamwalira Lachitatu masana, mwakachetechete, amayi a mphakati wa kutchalitchi akupemphera nawo. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Lolemba mwanayo anabwera, agogo ake atamubereka kumsana. Ahedi atsopano anayamba kunena kuti malo palibe. Ulendo uno ndinayankhula. Khomo la kalasi yanga lili ndi masitepe atatu, ndipo m'mawa uliwonse timamunyamula.