Mphete Imene Inakana Kuda

Kwekwe ndi tauni yokhala pamwamba pa golide, koma ine ndinakulira m'nyumba ya siliva. Sikuti tinali odzichepetsa kuposa anzathu ayi. Ife ndife Asilamu, ndipo mwamuna wachisilamu savala golide. Bambo anga anachoka kwawo ku Machinga ali mnyamata, nawoloka malire kudzakumba golide wa eni ake mpaka chifuwa chinawaletsa, koma chala chawo chinkangodziwa mphete imodzi yasiliva. Anzawo a kumgodi ankaigwira n'kumaseka m'Chilapalapa chawo chija kuti, "Madala, ini lo? Thini?" kufunsa ngati n'kachitsulo ka chitini. Iwo ankangoyankha kuti golide ndi wa abwana, koma kathini akaka ndi kawokawo.

Kunyumba kwathu ku Mbizo, Lachinayi masana linali tsiku la siliva, chifukwa Lachisanu amuna amapita ku Juma ndipo mayi sankalola kuti mwamuna wa m'nyumba yawo akakweze manja mumzikiti ali ndi mphete yakuda. Ntchitoyo inagwera ine nditangoyamba kutha kugwira beseni osataya madzi. Ndinkatolera mphete ya bambo, ya achimwene anga oyamba kubadwa, ndolo ndi zibangili za mayi, n'kukhala nazo pakhonde. Madzi ofunda, kasopo pang'ono, soda wophikira wokandidwa ngati phala, mswachi wakale wofewa, ndi kansanza ka thewera lotha. Basi. Mankhwala oyeretsera zovala asayandikire, mchenga wotsukira mapoto usayandikire, ndipo ukatsukuluza uumitse mpaka m'makona, chifukwa siliva wosungidwa wonyowa amakubwezera chipongwe. Zimene sizivalidwa tsiku ndi tsiku tinkazikulunga m'kansalu pamodzi ndi kachidutswa ka choko, kuti chinyontho chipite ku chokocho.

Kuda kwa siliva ndinkadana nako ndi mtima wonse. Mpweya wa tauni yathu, umene masiku ena unkanunkha ngati mazira owola, unkadetsa chilichonse. Thukuta linkadetsa, dzira linkadetsa, anyezi naye chimodzimodzi. Ukapukuta lero, Lachinayi linalo wabwerera. Ndikayamba kunyinyirika mayi ankandiuza kuti, "Iwe, siliva weniweni amada. Ukaona wosada, uthawe." Ine ndinkaona ngati ndi mawu ongondinyengerera kuti ndimalize ntchito.

Achimwene anga aja ndiwo anali mnzanga wa pakhonde. Migodi ikuluikulu itayamba kuchotsa anthu, iwo analowa chikorokoza, ndiko kuti kukumba golide paokha m'maenje akale osiyidwa, opanda mizati, opanda wowayang'anira. Ankabwera Lachinayi ali mbuu ndi dothi lofiira, n'kundiponyera mphete kuti, "Mlongo, ichitireni chifundo." Tsiku lina ndinaona kuti aimangirira pa kachingwe m'khosi, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiuza kuti akamatsuka dothi losinja amathiramo mekyuri, madzi olemera onyezimira aja amene amakoka golide, kenako amafinya m'kansalu ndi manja. "Mekyuri amadya mphete, mlongo. Ikangomukhudza imayera mbee, imaterera, siidanso. Ukhale pang'ono, yathyoka ngati bisiketi. Ndiye ndikamafinya ndimavula." Ndinangomva, n'kupitiriza kutsuka.

Tsoka silinunkha. Dzinja lina dzenje linawagumukira pamodzi ndi anzawo. Pamene ankawatulutsa panali patapita masiku, ndipo nkhope zinali zosati n'kuzindikira. Bambo anapita, nayenda pamzere wa mitembo akuyang'ana manja okha. Anawadziwa ndi mphete, imene inali ndi kopindika pambali pamene chitseko cha kombi, minibasi ya kuno, chinaipana. Mpheteyo inabwera kunyumba ili ndi matope ouma m'kati, ndipo amene anaitsuka ndi ine. Sindinalire pamaliro monga mmene ndinalirira pabeseni lija. Ndinaiumitsa, ndinaikulunga m'kansalu ndi choko, ndipo ndinaiika pansi pa sutikesi yanga.

Patapita zaka kunabwera munthu wondifunsira, mnyamata wa ku Mambo ku Gweru, makolo ake a kumudzi ngati athu, amene ankagwira ntchito pafakitale yosungunula zitsulo. Anali wamtali, wofatsa, ndi makutu oima ngati zogwirira za mphika, ndipo ndinamukonda ndi makutu ake omwewo. Bambo sanavute pa zambiri. Anangopempha chinthu chimodzi pamaso pa ankhoswe: kaya kugwe njala yotani, mkamwini wawo asadzalowe m'dzenje. Iye analonjeza, dzanja lili pachifuwa. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndipo ndinamva ndi makutu anga.

Mphete yake ndinakasankha ndekha ku Gweru, chifukwa pa siliva sindinkakhulupirira munthu wina aliyense, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Ndinakwera kombi ndili ndi maginito a m'wailesi yakufa m'chikwama. Pamsewu pali anyamata oyala mphete pansalu yofiira, zonyezimira kuposa za m'sitolo, koma zimenezo ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina anandiitana m'Chishona kuti, "Sisi, huyai muone, siliva chaiyo iyi, orijino!" Ndinatulutsa maginito anga, ndipo theka la katundu wake linadumphira m'mwamba kudzandipatsa moni. Anaseka, nanenso ndinaseka, tinasiyana bwino.

Maginito okha sakwanira, chifukwa mkuwa wopakidwa siliva nawonso sukokedwa. Umayang'ana m'kati mwa mphete kachidindo ka manambala 925, amene amatanthauza kuti siliva ndi wochuluka ndipo chitsulo china n'chongolimbitsira. Koma chidindo nachonso anthu amaba, ndiye umaiyesa kulemera m'dzanja, umayang'ana m'mphepete ngati simukusupuka kuonetsa zofiira, ndipo umaipukuta ndi kansalu koyera. Ikasiya kamzere kakuda pansalupo, mtima ukhale pansi. M'kasitolo kena ka mkulu wina wa ndevu zoyera ndinapeza imene ndinkafuna: yosalala, yokhuthala, yopanda mwala, poti mwala umakola dothi ndipo mwamuna wogwira ntchito ndi manja amauthothola mwezi usanathe. Inali pansi pa galasi, yakuda mbali imodzi chifukwa chokhalitsa. Mkuluyo anapepesa nafuna kundipatsa ina yowala. Ndinamuuza kuti yakudayo ndi imene ndadzera.

Tinamanga ukwati wa nika, tinapeza nyumba ya lendi ku Mbizo komweko, ana anabwera. Lachinayi langa linapitirira. Bambo a ana anga ankavula mphete n'kuiika m'sosala asanapite kukasamba, ndipo ankandiseka kuti ndimaikonda mpheteyo kuposa chala chake. Ndinkawayankha kuti mphete siliza nkonono.

Kenako fakitale inatseka. Miyezi yoyamba ankadzuka m'mamawa, kuvala bwino, kupita kukaima pazipata za makampani, n'kubwera madzulo ali chete. Munthu wofatsa akasowa ntchito amatha ngati sopo. Ndiye tsiku lina atabwera ndi ufa, mafuta ndi nyama, nandiuza kuti apeza ganyu yomanga nyumba kunja kwa tauni, ndinasangalala kwambiri moti sindinafunse zambiri. Ankabwera atasamba kale, zovala zantchito amati amasiya komweko. Ana anayambanso kupita kusukulu ndi buledi. Ndinkawauza anzanga pampopi kuti amuna anga ndi bilidala tsopano, ndipo ndinkanena monyada.

Lachinayi lina ndinatola mphete m'sosala muja, ndipo ndisanaiviike m'madzi ndinaima. Sabata yonse ya thukuta ndi simenti, iyo inalibe kadontho kakuda ngakhale kamodzi. Inali yoyera mbee, kuyera kwachilendo, ndipo pakati pa zala inkaterera ngati yapakidwa mafuta. Ndinaipukuta ndi kansanza kanga, kamzere kakuda kaja sikanabwere. Mawu a achimwene anga anandibwerera onse, ndi kaseko kawo komwe. Simenti sichita zimenezi, laimu sachita zimenezi. Amuna anga ankafinya mekyuri ndi manja, ndipo wofinya mekyuri ndi amene watsika kukatenga dothilo.

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense wa pamzere wathu angakuuzeni. Koma tsiku limenelo ndinaugwira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinkafuna kukuwa ana ali pomwepo, ndiponso sindinkafuna kuti apite ku Juma titayambana. Kansanza kaja ndinakataya, sosala ndinaichotsa pa mbale zodyera. Mphete ndinawabwezera, iwo anaiyang'ana nati, "Lero ndiye mwaiwalitsa, amayi." Ndinangoti ee.

Mawa lake atabwera kumzikiti, titadya, ndinatuma ana kwa agogo awo. Ndinakatsegula sutikesi, ndinabwera ndi kansalu kaja, n'kukhala moyang'anana nawo.

"Bambo, tandipatsani dzanja."

Anandipatsa akumwetulira. Ndinavula mphete ija, ndinaiika patebulo, ndipo ndinaikanikiza ndi chala chachikulu. Siliva wabwino amapindika, sathyoka. Iyi inang'aluka pansi pake, kachidutswa n'kugwa.

"Nyumba imene mukumangayo," ndinatero, "ili pamwamba kapena pansi pa nthaka?"

Makutu aja, amene ndinkawaseka, anagwa. Kenako anayamba kulankhula msangamsanga, Chishona ndi Chichewa pamodzi, monga amachitira akapanikizika.

"Zvakaoma, amayi, zinthu zavuta. Mukuganiza ndimafuna? Ndayenda Kwekwe yense, hapana basa, ntchito kulibe. Ana adye chiyani? Dzenje lathu ndi lolimba, vakomana vacho, anyamata ndili nawowo, vanoziva zimene akuchita. Ndikangopeza poyambira ndisiya, ndikulumbira."

"Munalumbira kale, pamaso pa bambo anga."

"Lumbiro silidyedwa, amayi."

Pamenepo sindinawatsutse, chifukwa njala ndinkaidziwa ngati iwo, ndipo nyama ija ndinadya nawo. Ndinangomasula kansalu kaja. Choko chinagubuduka patebulo. Mphete ya achimwene anga anali asanaionepo, ngakhale nkhani yake ankaidziwa. Ndinaikankhira kwa iwo, kopindika kaja kali pamwamba.

"Yanu yatha, ndiye valani iyi," ndinawauza. "Musapite chala chili chabe. Bambo anga maso anafooka, ulendo uno wokayenda pamzere wa mitembo ndi ine. Ndikufuna ndikakupezeni msanga. Iyi ndimaidziwa bwino, ndipo njira ya pansi inaiyenda kale."

M'kati ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo. Ndinkaopa kuti aitola n'kuivala. Akanatero, ndikanadziwa kuti ndatsala ndekha, kungodikira tsiku.

Anaiyang'ana osaikhudza. Kenako anatola choko chija pansi pa mbale pamene chinaima, anachiika pambali pa mphete, nakulunga kansalu ngodya ndi ngodya, pang'onopang'ono, ndi zala zawo zazikulu zija. Anakaika m'manja mwanga natseka zala zanga ndi dzanja lawo.

"Kabwezeni m'sutikesi," anatero.

Sindinganame kuti zinthu zinayenda bwino kuyambira tsiku limenelo. Nyama inasowa m'nyumba, buledi wa ana anasowa, ndipo masiku ena sitinkalankhulana. Anzawo a kudzenje ankabwera pageti kudzawaitana, ine n'kutuluka ndi tsache m'manja ngati ndikusesa. Zibangili zimene mayi anandisiyira ndinakagulitsa kwa mkulu wa ndevu zoyera uja, ndipo ndinayamba kuoda zitenje ndi mpunga kwa amayi obwera kuchokera kumudzi. Bambo a ana anga, munthu wa fakitale, anaphunzira kuima pamsika kuyeza mpunga ndi kapu. Poyamba ankachita manyazi mpaka kubisala kuseri kwa thumba. Pano amakangana ndi makasitomala kuposa ine.

Chala chawo chinakhala chopanda kanthu nthawi yaitali, ndi kamzere koyera pamene panali mphete. Sanapemphe ina, nanenso sindinafulumire. Itakwana nthawi ndinakweranso kombi ya ku Gweru ndi maginito anga, ndipo ndinasankha yosalala, yokhuthala, yopanda mwala.

Lachinayi lililonse amaiika m'sosala yatsopano asanapite kukasamba. Ndimaitola, ndipo ndisanaiviike m'madzi ndimapita nayo pakhomo pamene pali kuwala. Imakhala yakuda ndi thukuta, ndi utsi wa makombi, ndi anyezi wa pamsika, kuda kumene ndinkadana nako ndili mtsikana. Ndimaipukuta kamodzi pakansalu koyera, ndipo kamzere kakuda kaja kakaoneka ndimati Alhamdulillah, kenako ndimakatenga soda.