Tsiku Limene Malume Anapatsidwa Ntchito Yotamanda

Ine ndinakulira kumapiri a ku Nsambe komwe timalima tirigu, ndipo nditakwatiwa ndinayamba kugulitsa ufa wake pa Neno boma. Makasitomala anga ambiri anali amayi a mandasi ndi masikono. Tsiku lina pa benchi yanga panaima mzungu wamtali, wa chimimba chake ndi ndevu zaimvi. Anatapa ufa m'thumba, kuununkhiza, kuupekesa ndi zala, kenako n'kunena kuti, "Ichi ufa yabwino. Ndifuna zonse."

Kwawo kunali ku dziko lotchedwa Jojiya. Kuno anabwera ndi anthu omanga njanji, iye ntchito yake inali yowaphikira. Njanji itatha anzake ananyamuka, koma iye anatsala chifukwa anali atakwatira mayi wina wa ku Lisungwi. Awiriwa anatsegula kalesitilanti ka matebulo ochepa chakufupi ndi msika wa ku Lisungwi komweko, ndipo ankadyamo kwambiri anali alendo obwera kudzagwira ntchito kuchipatala. Atagula ufa kwa ine miyezi ingapo, mkazi wake anandiimbira foni kuti, "Asisi, bamboŵa akuti mubwere Loweruka mudzaone zomwe ufa wanu umasanduka. Mutengenso a kunyumba."

Amuna anga anavomera msanga, poti nkhani ya chakudya satsutsa. Vuto linali malume anga, achimwene awo a mayi, mkulu wa mpingo, amene tsikulo anali atabwera kudzationa. Atangomva dzina la dzikolo anati, "Jojiya ndi ku Amereka, ndinamvapo pa wailesi. Inu awiri Chizungu chanu n'chopereŵera, mukachita manyazi. Ndikuperekezani." Loweruka m'maŵa tinawapeza atavala kale jekete ndi tayi yawo yoyera ya pa mgonero.

Njira yonse mu minibasi ankayeserera moni wa Chizungu chapansipansi. Titafika anagwira mzungu uja dzanja n'kumukhuthulira mawu onse amene anakonza. Iye anangowayang'ana akumwetulira, n'kutembenukira kwa mkazi wake.

"Akuti chiyani achimwene?"

"Chizungu bamboŵa sachimva bwino, malume," anatero mayi uja. "Kwawo ali ndi chiyankhulo chawo. Si Jojiya wa ku Amereka, ndi wina, wa kufupi ndi Rasha. Muziyankhula nawo Chicheŵa basi."

Malume anakhala pampando. Kenako anandinong'oneza kuti, "Kodi maiko nawonso amatengerana maina?"

Choyamba kubwera chinali mabilinganya odula mopyapyala, okulungamo phala la mtedza ndi adyo. Nditalaŵa mtima unakhala pansi. Kunali ngati ndiwo zotendera zomwe zapita kusukulu. Mayi uja anati kwawo kwa amuna awo amagwiritsa ntchito mtedza wina wa mumtengo, koma kuno anagonjera nsinjiro.

Kenako mzungu uja, mwini wake wa malowo, anatuluka m'khitchini akufuula, "Tsopano khachapuri!"

Malume anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Kachasu? Masana ano? Mwanangu, wandibweretsa malo otani?"

Tinavutika kuwakhazika pansi. Chomwe chinabwera chinali buledi woumbidwa ngati bwato la asodzi a ku Matope, m'kati mwake mutadzaza tchizi wosungunuka, ndipo pamwamba pake dzira likutiyang'ana lili laliŵisi. Ine ndinamva chisoni. Ndinaganiza kuti mwina makala anawathera. Ndinakodola mayi uja n'kumuuza pakhutu kuti, "Asisi, musawauze bambowo, koma dzirali silinapse. Libwezereni pamoto pang'ono."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anabenthula nsonga ya bwato lija, kuvundula nayo dzira ndi tchizi mpaka zonse zinasakanikirana, n'kundipatsa. Ndinatseka maso ndi kuluma. Sindikunama, ndinaluma kachiŵiri ndisanatsegule maso. Amuna anga anali atafika kale pakati pa bwato. Malume anati iwo dzira laliŵisi amalidziŵa ngati mankhwala a chifuŵa, koma popeza chifuŵa sichichenjeza, anadya nawo.

Mbale yachitatu ndi imene inatichititsa manyazi. Munali timatumba ta ufa toŵiritsa, toyera, tomanga mfundo pamwamba ngati momwe amayi amamangira mchere pakansalu. Dzina lake akuti khinkali. M'kati munali nyama yogaya ndi msuzi wotentha, koma za msuzizo palibe amene anali atatiuza. Malume, pofuna kuonetsa kuti za pa tebulo amazidziŵa, anatenga foloko ndi mpeni n'kubaya kathumba kamodzi pamimba pake. Msuzi unathovoka, kuwaza tayi yoyera ija kuyambira pakhosi mpaka kunsonga.

Mwini wake anagwira mutu ndi manja onse aŵiri. Sankalirira tayi ayi. "Msuzi, achimwene! Msuzi wathaŵa!"

Analanda mafoloko athu onse n'kukawabisa kukhitchini. Kenako anatiphunzitsa: gwira pamfundo, tembenuza, luma kabowo kakang'ono m'mbali, yamwa msuzi, ndiye udye. Mfundoyo siidyedwa, umaisiya m'mbale. Iye anayamwa kuti fwuuu, mpaka anthu a pa tebulo lina anacheuka.

Apa ine ndinali pamavuto. Mayi anandilera kuti mkazi samveka akamadya, makamaka pamaso pa malume ake. Ndinayesa kuyamwa mwaulemu, msuzi unatsikira m'chigongono. Ndinayesa kutembenukira kukhoma, amuna anga anayamba kuseka. Malume, atakoloŵeka tayi paphewa, anayamwa kamodzi kuti fwuuu. Kenako anati, "Yamwa mwanangu, mwambo wa eni ake." Kuchokera pamenepo tebulo lathu linkamveka ngati ana a ng'ombe ali pamkaka.

Mwini wake atabwera kudzaona, anapeza m'mbale mwanga muli timfundo, mwa malume muli timfundo, koma mwa amuna anga muli mbee.

"Achimwene sanadye? Sakonda?"

"Ndadya, bwana," anatero amuna anga.

"Mfundo ali kuti?"

"Ndadya ndithu. Ufa umenewu ndimaunyamula ndine kuchokera kuchigayo, sindingautaye."

Mzungu sanamvetse. Iye ankangoona mbale yopanda umboni, ndipo kwawo mlendo wosadya ndi chitonzo kwa mwini nyumba. Anabweretsa mbale ina. Amuna anga anadyanso ndi mfundo zomwe. Inabweranso ina. Pachitatu ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, n'kuwathirira timfundo tanga m'mbale mwawo kuti nkhaniyo ithe.

Tili m'kati mwa kudya, mwini wake anabwera ndi botolo la vinyo n'kuimirira ndi tambula m'manja. Malume anakana vinyoyo mwaulemu, ndipo anawafinyira madzi a manachesi. Mzungu anayamba kuyankhula m'chiyankhulo chakwawo, mawu otsika, maso ali m'mwamba. Malume anaŵerama ndi kutsinzina, ife n'kutsatira. Atamaliza, tonse atatu tinati, "Amen."

"Si pemphero," anatero mayi uja akupukuta misozi ya kuseka. "Akufunira mafuno abwino alimi a tirigu. Kwawo sungamwe chete. Pamakhala munthu mmodzi wotsogolera mawu, kuyamikira makolo, alendo, ana, ngakhale amene anatisiya. Iye akamayankhula onse amadikira. Amamutcha tamada."

"Tamanda?" anatero malume, nkhope ikuŵala. "Kutamanda? Ndiye bwanji simunanene kale?"

Mwini wake anawalozera kuti ayese. Ine ndi amuna anga tinayang'anana, chifukwa malume timawadziŵa. Pa ukwati wathu anayankhula mpaka oimba anakadya n'kubwerako.

Anaimirira, kukonza jekete, kukweza tambula ya manachesi. Anayamba ndi makolo a mzunguyo, amene sanawaonepo, n'kuwatamanda kuti anabereka mwana wosaopa mtunda. Anatamanda njanji. Anatamanda mayi wa ku Lisungwi amene anaimitsa munthu pomwe sitima inalephera kuima. Kenako analoŵa m'mbiri ya banja lathu, kuyambira agogo awo a agogo amene anabwera ndi mbewu ya tirigu m'chipanda. Timatumba totsala tinazizira m'mbale. Amuna anga, atakhuta mopitirira muyeso, anayamba kusinza dzanja lili m'mwamba ndi tambula.

Ndinkayembekezera kuti mwini nyumba atopa. Nditamuyang'ana ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu. Sindikudziŵa kuti ankamva zingati mwa mawuwo, koma malume akapuma kuti ameze malovu, iye ankafuula, "Pitiriza, achimwene!" Mkazi wake ankamukonza kuti, "Pitirizani," iye n'kubwereza mokweza kwambiri. Malume m'moyo wawo wonse anali asanauzidwepo kuti apitirize. Kutchalitchi amawakhosomolera, kumaliro amawakoka jekete. Tsiku limenelo anapeza munthu wawo.

Pomaliza anakumbatirana, mzungu n'kuwapsompsona masaya onse aŵiri. Malume anauma ngati chitsa, koma sanakane. Potuluka tinapeza minibasi za ku boma zitatha, ndipo tinakwera lole imene inkabwerera kumtunda itatsitsa mbatata. Amuna anga anagona chagada pa masaka opanda kanthu akubuula pa bampu iliyonse, malume ali kutsogolo ndi dalaivala, kumumalizira mbali ya mawu imene anaiŵala.

Kuyambira pamenepo, kukakhala alendo ambiri kulesitilanti kuja, foni imalira ya malume, osati yanga. Ine ndimangotumiza ufa. Iwo amapita ndi jekete, amabwerako madzulo mawu atasasa, atanyamula buledi wa bwato m'pepala. Azakhali, akazi awo a malume, akuti masiku ano ngakhale tiyi wa m'maŵa amamwa atazizira, chifukwa bambowo amayamba aimirira kaye ndi kapu m'manja.