Chitenje cha Tsiku Lotsekera

Chitenje chimenechi ndinachipeza pansi penipeni pa sutikesi ya amayi mwezi wathawu, pamene tinkalongedza katundu wawo m'fulati ya ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, kuti tikabweze makiyi. N'chobiriwira, cha masamba achikasu, ndipo pakona pake pakadali kachidutswa ka pepala lasiliva komatirira ndi guluu. Amayi anali munthu wochapa chilichonse. Ngakhale majumbo a kushopu ankawatsuka n'kuwayanika pa hita. Koma pakona pamenepa sanapachape zaka zonsezi.

Ndinali ndi zaka naini pamene tinafika ku Glasgow, masamba akuyoyoka m'mitengo. Tinatsatira bambo, amene ankaphunzira pa yunivesite ku Hillhead. Pofika Disembala iwo anali atabwerera kumudzi kukachita kafukufuku wa maphunziro awo, ndiye m'nyumba tinatsala awiri. Amayi ankakolopa m'maofesi m'tauni. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Partick, ndipo ankabwera kudzadya nafe Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Kwathu ku Dedza ndinali nditafika Sitandade 3, ndipo tsiku lotsekera sukulu ndinkalidziwa bwino. Ana tonse tinkakhala pansi pabwalo, makolo kumbuyo kwathu, aphunzitsi n'kuyamba kuitana mayina kuchokera pa nambala wani. Dzina likatchulidwa, mayi wa mwanayo ankaimba nthungululu n'kuthamangira kutsogolo kukamufupa. Mayina ankatsika choncho mpaka pamene aphunzitsi ankapinda pepala. Amene simunatchulidwe munkatsala pansi pomwepo, anzanu onse ataimirira, ndipo pobwerera kunyumba ankakukuwizani njira yonse. Ine ndinali ndisanatsalepo pansi. Chichewa ndinkawerenga bwino ndithu.

Kuno zinthu zinatembenuka. Chingerezi chimene ndinaphunzira ku Dedza sichinkafanana ndi chimene ana a ku Maryhill ankayankhula. Mawu ankawameza, ena n'kuwakoka, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndamva. Nthawi yowerenga ikakwana, anzanga ankakhala m'magulu ndi mabuku aakulu, ine ankanditengera pa katebulo ka m'khonde pafupi ndi pokoleka majekete, kukawerenga mabuku a mzere umodzi pa tsamba, a galu ndi mpira. Pankanunkha majekete onyowa. Aphunzitsi athu anali mayi wamfupi wa imvi, magalasi awo ankalendewera pa chingwe m'khosi. Sanandikalipirepo. Kukoma mtima kwawoko kunkandiopsa kwambiri, chifukwa kwathu mphunzitsi akasiya kukukalipira ndiye kuti wakutaya.

Disembala atalowa, maphunziro a masiku onse anayamba kuchepa. Matebulo anawakankhira pamodzi, panabwera mapepala amitundumitundu, masizasi ndi guluu. Anzanga anasangalala. Ine ndinachita mantha, chifukwa kwathu masabata otsala pang'ono kutsekera ndiwo a mayeso. Ndinangoti basi, mayeso a kuno ayamba, ndipo amayesa zinthu zachilendo.

Tinapinda mapepala oyera n'kumadula kuti atuluke maluwa a sinowo omata pawindo. Ine ndinadula mopinda momwemo, pepala langa n'kugwa zidutswazidutswa patebulo. Ndinaona kuti ndalephera phunziro loyamba. Tinalumikiza timapepala kukhala unyolo wokongoletsa kalasi, ndipo apa ndinalimbikira mpaka zala zinauma ndi guluu, kuti mwina ndibweze mamalikisi. Pakhomo la kalasi anaikapo katoni yofiira yoboola pamwamba, yoponyamo makhadi a Khirisimasi olemberana ana okhaokha. Masana aliwonse ankaitsegula n'kugawa. Ine ndinkalandira ochepa, ndipo ndinkaganiza kuti nazonso akuzilemba penapake.

Choopsa kwambiri chinali kuvina. Ankatitengera muholo, n'kutiika mnyamata ndi mtsikana, kuti tiphunzire magule a ku Scotland a paphwando la kalasi. Kwathu kugwirana manja ndi mnyamata pasukulu unali mlandu wopita nawo kwa ahedi. Kuno aphunzitsi ndiwo ankakugwiritsani manjawo, n'kumawomba m'manja kuti muzizungulira. Mnyamata amene anandipatsa anali ndi manja a thukuta, ndipo ndinamuponda kangapo. Tsiku lina ndikumuponda choncho, ndinaona aphunzitsi akundiyang'ana kenako n'kulemba pa pepala. Lero ndimagwira ntchito m'khitchini ya sukulu ya pulayimale, ndipo pepala limenelo ndimalidziwa: ndi la ana ofuna nkhukundembo ndi ofuna makaroni pa chakudya cha Khirisimasi. Koma tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti alemba mamalikisi anga.

Kunalinso sewero la kubadwa kwa Yesu, limene tinkakonzekera kudzaonetsa makolo. Aphunzitsi anandipatsa nyenyezi. Ndinaipanga ndekha, ya katoni, n'kuikuta ndi pepala lasiliva lophikira, n'kuimata pa mtengo wa tsache. Guluu ndinathira wochuluka, moti sanaume bwinobwino. Anandipatsanso kakhadi ka mawu ochepa oti ndidzawerenge mokweza, onena za nyenyezi imene inaima pamwamba pa khola. Nthawi ya buleki, anzanga ali panja, ankandikhazika pafupi ndi hita, chala chawo pansi pa liwu lililonse. Ndikalakwitsa ankangoti, "Again, pet," kutanthauza kuti bwereza mwanawe, n'kubwezera chala poyambira. Ndinkamva fungo la tiyi wawo wozizira pa tebulo. Pang'onopang'ono mawu aja anasiya kukhala timizere, ndinayamba kuwazindikira ngakhale ndikawaona m'buku lina. Sindinadziwe kuti kumeneko ndiye kuwerenga. Ndinkangoona kuti mawu anga ndi ochepa kuposa a wina aliyense.

Aphunzitsi atatiuza kuti makolo adzabwere tsiku lomaliza, ndinakawauza amayi ali kusita. Ndinati akuti makolo abwere tsiku lotsekera. Anaimika ayironi n'kundifunsa ngati akaitane mayina. Ndinati ndikuganiza choncho. Mawa lake anasinthana shifiti ndi mnzawo wa kuntchito.

Lamlungu amalume anabwera, ndipo atamva, anayamba zawo. Iwo ankanditchula kuti a pulofesa.

"A pulofesa, chaka chino nambala chani? Musatichititse manyazi pamaso pa azungu. Paja kuno olephera amawabweza kalasi ya ana oyamwa chala."

Ankaseka, ndipo ine ndinayesa kuseka nawo. Amayi anawayang'ana mlongo wawo n'kunena motsitsa kuti, "Achimwene, musiyeni mwanayo adye." Amalume anasiya pomwepo, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Kenako awiriwo anapita kukhitchini kukatsuka mbale, n'kutseka chitseko.

Madzulo a tsiku limenelo ndinatsimikiza mumtima kuti ngati dzina langa silitchulidwa, Januwale sindidzabwereranso kusukulu. Ndidzanena kuti m'mimba mukundipweteka tsiku lililonse mpaka bambo adzabwere, kenako ndidzawapempha kuti anditumize ku Dedza. Sindinauze munthu. Mwana wa zaka naini amatha kusunga chinthu cholemera choncho, akulu osadziwa kanthu.

Tsiku lotsekera kunazizira kwambiri. Madzi a mu kanalo, ngalande yaikulu ya panjira yathu, anali atauma gwa pamwamba chifukwa cha kuzizira, abakha akuyenda wapansi. Amayi anavala diresi lawo la kutchalitchi, jekete lalikulu la bambo pamwamba, ndi mabuti. Chikwama chawo cha m'manja chinali chotupa, zipi osatseka bwino. Njira yonse anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi m'magolovesi.

Muholo munali makolo ambiri, makanda akulira, mawindo ali nthunzi. Sewero linayenda monga mmene masewero a ana amayendera. M'busa wina anaiwala mawu ake, mngelo wina anagwetsa phiko. Ine ndinatsogolera mafumu atatu aja ndi nyenyezi yanga, n'kukaima kumapeto kwa mzere wakutsogolo. Nthawi yanga itakwana ndinayang'ana pakakhadi, ndipo mawu aja anali pomwepo, monga ndinawasiyira. Ndinawerenga onse. Mawu anga anamveka aang'ono muholomo, koma sindinalakwitse.

Titamaliza nyimbo yotsiriza, aphunzitsi anabwera kutsogolo atanyamula dengu la timaphukusi, n'kuvala magalasi. Ndinati nthawi ija yakwana. Ndinayang'ana pansi, pa nsapato zanga, kuti ndisaone nkhope ya amayi.

Dzina loyamba kutchulidwa linali langa.

Ndisanakweze n'komwe mutu, kumbuyo kwa holo kunamveka nthungululu. Inali yaitali, yakuthwa, ya pabwalo la ku Dedza, ndipo m'holo ya ku Maryhill munali musanamvekepo chinthu chotero. Makanda anasiya kulira. Bambo wina amene ankajambula anatsitsa kamera. Amayi anabwera pakati pa mipando akuvina, mabuti akugunda pansi, jekete la bambo likukupiza, uku akusolola chitenje chobiriwira m'chikwama. Anakwera pa siteji osapempha munthu, n'kundifunditsa chitenjecho pamodzi ndi nyenyezi yomwe, n'kundipukuta nkhope ndi ngodya yake ngati ndachokera kutali.

Aphunzitsi anaima ndi phukusi langa m'manja, pakamwa pali yasa. Kenako anaika dengu pansi n'kuyamba kuwomba m'manja, ndipo holo yonse inawatsatira. Kwa kanthawi kochepa nanenso ndinakhulupirira kuti ndakhala nambala wani.

Anaitana dzina lachiwiri, la mtsikana amene anaima pafupi nane. Lachitatu linali la wotsatira wake. Ankangotsata mzere monga tinaimira, ndipo ine ndinali koyambirira chifukwa cha nyenyezi. Anaitana aliyense, ngakhale mnyamata wa manja a thukuta uja, ngakhale m'busa woiwala mawu. Tonse tinalandira buku lofanana, lokutidwa ndi pepala lofiira. Dengu litatha, panalibe mwana amene anatsala.

Pobwerera kunyumba mdima unali utayamba kale kugwa, monga umachitira kuno masana a Disembala. Ndinali nditafundabe chitenje pamwamba pa jekete. Titafika pa mlatho wa kanalo ndinaona kuti ndiwauze, kuopa kuti angakalengeze kutchalitchi.

"Amayi, kuno kulibe manambala. Anangoyambira kumene ndinaima ine."

Amayi anandifunsa kuti nanga olephera amawatchula liti. Ndinati sawatchula, aliyense walandira buku.

Anaima pakati pa mlatho.

"Palibe wotsala pansi?"

"Palibe."

"Ngakhale mmodzi?"

Ndinati ngakhale mmodzi. Anayang'ana madzi ouma aja nthawi yaitali, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa mwawo. Kenako anandikonzera chitenje paphewa n'kunena kuti, "Ndiye Januwale ubwereranso. Mawu aja unawerenga wekha, ndamva ndi makutu anga."

Januwale ndinabwereradi. Pabwalo la sukulu ana anali akuyeserera nthungululu, atsikana awiri n'kubwera kudzandipempha kuti ndiwaphunzitse, ndipo ndi mmene ndinapezera anzanga oyamba. Pofika chilimwe ndinali nditachoka pa katebulo ka m'khonde. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinasiya ndili ndi zaka sikisitini n'kuyamba ntchito. Koma kuwerenga ndimawerenga, ndipo miyezi yomaliza ya amayi kuchipatala ndine ndinkawawerengera Masalimo, m'Chichewa, ndi zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, m'Chingerezi. Mwana wanga wamkazi ali pulayimale tsopano. Sabata yamawa akutsekera, ndipo akuti m'sewero la chaka chino iye ndi ngamila.

Tsiku lolongedza katundu lija, amalume anandipeza m'chipinda cha amayi nditakhala pa bedi lopanda zofunda, chitenje chili pamiyendo. Akalamba tsopano, ndipo a pulofesa anasiya kunditchula kalekale. Anachiyang'ana, n'kukhala pansi pafupi nane, ngakhale galimoto ya katundu inkadikira panja.

"Chitenje chimenecho sanachitengere kuvina," anatero.

Anandiuza kuti iwo ndi amayi anali kalasi imodzi ku Sitandade 4. Tsiku lotsekera chaka chimenecho amalume anakhala nambala wani, amayi anatsala pansi. Kuchokera kunyumba sikunabwere munthu, onse anali kumunda. Ana anawakuwiza amayi kuchokera pasukulu, kudutsa pamsika, mpaka pachitsime, iwo ataphimba nkhope ndi kope. Amayi kusukulu sanapondekonso. Ndipo Lamlungu lija, atatseka chitseko cha khitchini, amayi anawauza mlongo wawo zimene anakonza: ngati dzina la mwanayu silitchulidwa, ndimufunditsa chitenje kumutu, ndimubereka kumbuyo ngati khanda, tituluke, munthu asamuone nkhope.

Pa mlatho paja ine ndinkaganiza kuti amayi akhumudwa chifukwa sindinali nambala wani, ndipo tchuthi chonse ndinkachita nawo manyazi pang'ono chifukwa cha nthungululu ija. Ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani anafunsa kawiri chinthu chimene ndinali nditawayankha kale. Sindikanatha kudziwa kuti funso loyambalo ankafunsira ine, ndipo lachiwirilo ankafunsira kamtsikana ka ku Dedza kamene kanadutsa pamsika kokha, kope lili kumaso.