Nsalu zofiira m'munda wa chinangwa wa amayi

Pakhoma la labotale imene ndinkagwirako ntchito pali chithunzi chimene alendo amaimapo n'kumati, "Koma ndiye chokongola!" Ndi tiulusi totuwa, topindikapindika, ngati telala wagwetsera ulusi pansalu yakuda. Ameneyo ndi vairasi amene amawoletsa chinangwa m'kati. Ine ndikachikumbukira chithunzicho mtima umandiwira, chifukwa tiulusi timeneto tinachokera m'munda mwa amayi anga kwa Malengachanzi, ndipo masamba ake ndinathyola ndine.

Kwathu chinangwa si chakudya chongosinthira m'kamwa. Ndiye kondowole, ndiye chigwada, ndiye chimene chimatifikitsa ku mpunga watsopano. Amayi anali ndi mbewu yawo ya chinangwa chowawa, yobereka bwino mumchenga, yosachedwa kufewa ukaviika. Dzina lake lenileni panalibe ankalidziwa. Anthu ankangoitchula dzina la amayi. Mvula ikayandikira pakhomo pathu pankafika anthu, ena ochokera mpaka ku Bua, kudzapempha mitengo yobzala. Amayi sankagulitsa, ndiponso sankamana munthu. Sukulu sanapite nayo patali, nyumba yawo inali yaudzu, koma dzina lawo linkamera m'minda ya anthu, ndipo ankalisamala kuposa china chilichonse.

Kasankhidwe kawo ka mbewu kanali kotere. Akaona mtengo wojintcha, ankafukula pambali n'kudula chinangwa chimodzi ndi mpeni kuti aone m'kati. Chikakhala choyera, ankang'amba kansalu pachitenje chakutha n'kumanga pamtengowo. Mudzi wonse unkadziwa kuti mtengo wa kansalu ndi wa mbewu, suzulidwa. Ine ndinakula ndikudziwa zimenezi. Ndikunena dala, kuti wina asafulumire kundikhululukira.

Nditamaliza maphunziro ndinapeza ntchito mumzinda, mu labotale ya bungwe lina lofufuza za mbewu. Abwana anga, dokotala wa matenda a mbewu, anamva kuti kunyanja kwayamba kupezeka chinangwa chowola. Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati kwathu minda ilipo, tiyeni. Tinapita pagalimoto ya bungwe, titanyamula bokosi la ayezi ndi timabotolo. Amayi anasesa bwalo mpaka kumsewu, nkhuku inafa.

M'munda abwana ankayang'ana masamba a m'munsi. Ankafuna timizere tachikasu totsata mitsempha ya tsamba, toti mlimi angati tsamba langokalamba. Mitengo yake inali yojintcha ndithu, pakuti matendawa amabisala pansi. Pamtengo uliwonse umene abwana anaukayikira ndinkathyola masamba, kulemba nambala, n'kumangapo riboni yofiira kuti tidzaupeze tikadzabweranso. Pomaliza chigawo chonse cha kudambo chinali psuu.

"Nsaluzi nza chiyani, mwana wanga?" anafunsa amayi.

Ndinayang'ana abwana. Anandiyankha m'Chingerezi kuti lamulo la ntchito ndi lakuti mlimi asauzidwe kanthu mpaka makina atatsimikiza, kuopa kuopseza anthu ndi zongoganizira.

"Amayi, akuti imeneyi ndi imene tasankha. Musaizule, musaifukule. Tibweranso."

Amayi anapinda maondo n'kuwomba m'manja. "Zikomo, abwana. Ndiisamala."

Ntchito ya mu labotale ndinaigwira ndi mtima wonse, sindibisa. Masamba aja ndinkawaika m'kamtondo kadothi loyera, n'kuthira madzi ena ozizira koopsa, otuluka nthunzi, oti tsamba likalowamo limaphwanyika ngati galasi. Ndinkasinja mpaka ufa, kusakaniza ndi mankhwala, kusefa pansalu, kenako kuika m'makina ozungulira mwaliwiro. Ukachotsa, zolemera zakhala pansi. Umatsanula zapamwamba n'kuzunguzanso, kangapo, mpaka kotsala kamakhala kadontho koti sukakhulupirira kuti muli kanthu. Kadonthoko tinkakadonthezera pakasefa kamkuwa kochepa ngati njere ya mapira, n'kuthirapo mankhwala odetsa kuti vairasi adzaoneke wotuwa pamalo akuda. Maikulosikopu wamphamvu woti n'kuonera zimenezi tinalibe, choncho tinatumiza kunja. Ndinkaseka ndekha kuti ndinaphunzira zaka zonsezo kuti ndidzasinje ndi kusefa ngati amayi.

Chithunzi chinabwera mvula isanagwe. Makina ena otsimikizira mtundu wa vairasi anali atanena kale kuti pafupifupi mtengo uliwonse wa riboni unali ndi matenda. Mu ofesi munali chisangalalo, anagula ndi zakumwa. Ndinafunsa kuti tibwerera liti kukauza eni munda. Anati lipoti liyambe latuluka. Ndinafunsanso, anati mafuta kulibe. Ulendo wachitatu anati galimoto yapita kumsonkhano kuhotela ina ya kunyanja. Galimoto imeneyo inadutsa pamsewu wa M5, pamalo poti ukaima n'kuitana kwathu amamva, itanyamula chithunzi cha matenda a m'munda mwathu kukaonetsa anthu a mataye. Kukhota pang'ono n'kunena mawu awiri kwa mayi wokalamba, mafuta ake ndiye anasowa!

Nanga ine foni ndinalibe? Ndinali nayo. Ndinali nditasayina pepala lakuti sindidzaulula zotsatira lipoti lisanatuluke, ndipo ndinkaopa pepalalo kuposa mmene ndinkaganizira amayi. Tinkalankhula za miyendo yawo, za maliro, za mtengo wa usipa. Tsiku lina anati, "Mbewu yanu ija ili bwino." Ine, foni ili pakhutu, manja ali pa timabotolo, ndinangoti, "Chabwino, amayi, zikomo."

Panadutsa chaka ndi miyezi. Ndinali kumudzi pa tchuthi pamene kunafika mayi wina wochokera kumpoto, amene mwamuna wake amapha nsomba ku Bua. Kalelo atangosamukira kumene kwathu kuno, mbewu yoyamba anamupatsa ndi amayi. Koma ulendo uno anasenza beseni, ndipo sanadikire mpando. Anakhuthula besenilo pamapazi pa amayi. Chinali chinangwa chodulidwa pakati, chilichonse chili ndi zigamba zofiirira, zouma, ngati nkhuni yofumbwa.

"Mama, mbewu ya boma munatipatsa ija ndi iyi. Ndinabzala pakati penipeni pa munda. Taonani, zalowa ndi kwina komwe. Ana ndiwadyetsa chiyani?"

Apa m'pamene ndinamva zimene zinachitika. Amayi ataona anthu ophunzira akumanga nsalu pamitengo, anamva monga aliyense wa kwathu akanamvera, kuti imeneyo ndiyo mbewu yabwino kuposa yonse. Sanafukule kuti aone m'kati, poti mwana wawo anawaletsa. Mvula itayandikira anadula mitengo ya riboni yokhayokha, osazula tsinde ngakhale limodzi, n'kugawira aliyense pang'onopang'ono kuti ikwanire. Iwo eni anatsala ndi yochepa. Aliyense anakaibzala pamalo abwino kwambiri a munda wake, ndipo tintchentche toyera timene timayamwa masamba tinamaliza ntchito.

Sabata imeneyo mabeseni anabwera ambiri. Wina ananena ali pamsewu, mokweza kuti timve, kuti amayi anasunga yabwino n'kugawa yodwala. Amayi anangolowa m'nyumba. Ndinawatsatira n'kuwauza zonse.

"Unadziwa liti?"

"Mvula ija isanagwe, amayi."

"Ndisanadule?"

"Musanadule."

"Nsalu zija unamanga ndiwe, ndi manja akowa. Iwe wakulira pakhomo pano."

Ndinayenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti wolakwa ndine pamodzi ndi kuntchito kwanga. Ena anamva. Ena anati mwana akuikira kumbuyo mayi wake. Nditabwerera kuntchito, abwana anandiuza modekha kuti dziko lonse limadziwa kuti chofiira ndi chenjezo, ndipo alimi akufunika kuphunzitsidwa. Kuphunzitsidwa! Munthu amene anasankha mbewu moyo wake wonse popanda kuphonya, anaphonya kamodzi kokha, tsiku limene anakhulupirira ife. Ndinalankhula zambiri mu ofesi muja, chitseko chili chotsegula, ndipo palibe liwu limene ndingabweze. Sipanapite nthawi ndinasiya ntchito.

Amayi anazula munda wonse n'kutentha, wodwala ndi wosadwala womwe. Patapita nthawi bungwe linabweretsa mbewu yopirira ku matenda. Ndi yabwino, sindikana. Dzina lake ndi nambala. Amayi anakaima pamzere ndi anzawo kuti alandire kamtolo, ndipo mlangizi anawaonetsa mmene amabzalira chinangwa, mbali iti pansi, mbali iti m'mwamba. Mvula ikayandikira amasesabe bwalo mpaka kumsewu. Anthu amadutsa, amapereka moni bwinobwino, koma wopatuka kudzapempha mbewu palibe.

Tsiku lina ndinawatengera chithunzi chija papepala. Ndinkaganiza kuti akaona chimene chinawalanda dzina mwina mtima ukhala pansi. Anachigwira nthawi yaitali, n'kufunsa kukula kwake kwenikweni. Ndinati ngakhale atasonkhana ambirimbiri pansonga ya singano, diso silingawaone.

"Kakang'ono chonchi munakaona," anatero. "Ine wamkulu chonchi ndinaima patsogolo panu n'kufunsa, simunandione."

Anandibwezera pepalalo n'kupita kukatembenuza makaka a chinangwa pathandala.